Mphini pa Dzanja la Tiyamike

Mwandipatsa mpata woyankhula, ndiye mupirire, chifukwa pakamwa panga palibe buleki. Ine ndine Bulashi, wa kuseri kwa msika wa Nsipe kuno. Dzina la ubatizo ndi Filimoni, koma limenelo ankalidziwa ndi mkazi wanga ndi abusa amene anatimangitsa ukwati, ndipo onse awiri anatsogola. Inu achimwene mwakhala kumbuyoko, lekani kuvutika ndi kutafuna masamba a gwafa. Fungo la mowa limenelo ndimalidziwa ngakhale mutalikwirira m'dzenje. Ndagona nalo mphasa imodzi zaka zambiri. Khalani momasuka, muno mulibe mngelo.

Sukulu ndinalekezera sitandade 3. Aphunzitsi ankati mutu wanga ndi dengu lobooka, koma dzanja lokha Mulungu analiumba atadya. Nditapita ku migodi ku Joni, ndinakumana ndi mkulu wina wa ku Mozambiki amene ankalemba zikwangwani za pa mgodi. Ine ndinkamugwirira chitini cha penti, maso ali pa zala zake. Pobwera kumudzi anzanga anabwera ndi mawailesi ndi chifuwa, ine ndinabwera ndi mabulashi, dzina n'kumera pomwepo. Kuchokera pa Nsipe mpaka ku Biriwiri, sitolo, telala, chigayo, malo ometera, mawu onse amene munkawerenga muli pa basi linali dzanja langa. Ena mwa mawuwo sindinkadziwa n'komwe tanthauzo lake, koma ankaima chilili ngati asilikali.

Ntchito ina sindinkalipiritsa. Kukagwa maliro m'mudzi mwathu, anyamata akukumba manda, ine ndinkakhala pansi pa mtengo ndi thabwa, kulemba dzina la malemu pa mtanda. Ndinkati munthu angasauke bwanji, asagone ngati mbuzi, dzina lake liziwerengeka.

Mowa ndinkamwa, ndisakunamizeni. Ndine Mngoni, ndinabadwa chipanda cha masese chikudutsa pamutu panga. Koma ndinali ndi wapolisi m'nyumba, mkazi wanga Elube, amene tonse tinkamutcha Nangozo. Iye sankalalata. Ankangobwera kumowako, kuima chapatali, n'kukhosomola kamodzi. Anzanga ankati, "Bulashi, belu lako lalira." Ine n'kudzuka.

Nangozo anagwa kudimba akuthirira kabichi. Mmene tinkafika naye kuchipatala n'kuti atazizira kale. Tsiku loika maliro anandibweretsera thabwa, monga mwa nthawi zonse. Ndinaviika bulashi mu penti, ndinayang'ana thabwalo, dzanja linakana. Ndinati, "Kadzikeni choncho, ndidzalemba mtima ukakhala pansi." Mphwanga anati apeze wina alembe. Ndinamuyankha kuti dzina la mkazi wanga silingalembedwe ndi mwamuna wina ine ndikupuma. Mtanda unadzikidwa wopanda chilembo.

Zotsatirazo mukuzidziwa, ena mwa inu mukadali momwemo. Masese ndinawaona ngati phala la mwana, ndinalowa kachasu. Wokhosomola kunalibe. Njinga inapita. Mabulashi anapita limodzilimodzi. Malata a kukhitchini anapita dzuwa likuswa mtengo, ine ndemwe nditawasenza. Che Jafali, mwini sitolo ya pa msika amene chikwangwani chake ndinkachikonza chaka ndi chaka, anandiitana kuti ndipakenso. Malembo anatsetsereka ngati akuthawira ku Bwanje. Bamboyo sanandinyoze, anangotumiza mwana wake kukafufuta. Ndinagonapo mu ngalande ya msewu waukulu, amayi ogulitsa tomato n'kundidzutsa ndi madzi otsukira mbatatesi, thalauza nditalinyowetsa kale ndekha. Ndipo dzanja lija, limene Mulungu analiumba atadya, linayamba manjenje. M'mawa ndisanalawe kanthu, kapu ya madzi inkafika pakamwa itatsala theka.

Nthawi imeneyo mwana wanga Esinati anabwerako ku banja, ukwati utatha, ali ndi kamtsikana kake, Tiyamike. Esinati anayamba kugulitsa tomato pa msewu, kuchoka kusanayere, kubwera dzuwa litapendeka. Kamwanako kanali kachetechete, ka maso aakulu ngati a Nangozo. Mukudziwa mmene timachezera ndi adzukulu athu aakazi. Ine ndinkakaitana kuti akazi anga aang'ono, iko n'kumati, "Sindingakwatiwe ndi munthu wopanda mano."

Kanalowa sitandade 1. Kalasi yake ana ngati nyerere, mphunzitsi mmodzi. Madamuwo anauza makolo kuti azithandiza kunyumba: kumuikira mwana timadontho m'kope, a, e, i, o, u, iye azilondola ndi pensulo mpaka dzanja lizolowere njira. Esinati anandipeza pakhonde.

"Bambo, sindinakupempheni kanthu chibwerere. Inu ndinu a malembo. Muzimuikira mwanayu madontho."

Abale, ndinatupa. Panali patapita nthawi munthu asanandipemphe kanthu kupatula kuti ndisunthe. Ndinadziikira lamulo, loti mdzukulu wanga sindidzamuphunzitsa nditaledzera. Ndizimuphunzitsa m'mawa asanapite kusukulu, ndisanalawe ngakhale dontho. Ndinkadziona ngati munthu waulemu kwambiri. Nzeru za sitandade 3 zimenezo. Nthawi imene ndinasankhayo ndi imene dzanja linkavina ngoma popanda woimba.

Tinkakhala pakhonde, kope pa bondo. Ine ndinkadonthetsa timadontho, pensulo ikugogoda pepala ngati nkhuku ikutola mphale. Kenako ndinkagwira kadzanja kake m'dzanja langa, tiziyenda limodzi. Ndinkakauza kuti, "Akazi anga, wolemba weniweni saphonya dontho. Chita monga ndikuchitira ine." Iko kankatulutsa kalilime pambali, n'kumalondola. Sikankaphonya ngakhale limodzi. Tikamaliza, iko kusukulu, ine kwa mayi wa kachasu. Kopelo sindinkaliyang'ananso.

Teremu isanathe, Madamu anaitanitsa Esinati. Anati mwanayu ndi wanzeru, amayankha bwino, koma akangogwira pensulo dzanja limanjenjemera, malembo ake ali ngati mapazi a bongololo, anzake ayamba kumutcha gogo. Analangiza kuti apite naye kuchipatala. Esinati anapita. Anamuyeza malungo, anamuyang'ana m'maso, anamuuza atambasule manja. Sanapeze kanthu.

Ndiye mukudziwa kwathu kuno, chipatala chikati palibe kanthu, m'pamene nkhani imayamba. Amayi a pa msika anamuzungulira Esinati. Wina anati, "Mwana amadya bwinobwino, amatunga madzi bwinobwino, koma pensulo yokha? Anthu amutengera cholembera ameneyo." Wina anati anaona zoterezi kwa mlamu wake, mwana mpaka anasiya sukulu. Esinati anakumbukira kuti pensulo ina inasowadi. Ndi mwana uti wa sitandade 1 amene pensulo yake sinasowepo? Koma mtima wa mayi ukachita mantha sufunsa zimenezo. Anamuuza za sing'anga wina kumunsi ku Bwanje.

Esinati anandiuza m'mawa akumanga mwana kumbuyo kwa njinga ya kabaza. Ine ndinati, "Pitani, mwina akathandiza." Maso anga anali pa njira ya kwa mayi wa kachasu.

Anabwerako madzulo, dzuwa lisanalowe. Tiyamike sanandithamangire. Anadutsa n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe. Pa dzanja lake lamanja, kuyambira pa mfundo za zala mpaka pa mkono, anamutema mphini ndi lezala, n'kupakamo mankhwala akuda. Esinati anayala mphasa osandiyang'ana. Kenako anati, "Akuti wachita zimenezi si wakutali. Akuti ndi wachikulire, wa pakhomo pomwe pano."

Ndinaseka. Ndinati asing'anga onse amatero, nkhalamba ndiye chinangwa chawo. Esinati sanaseke.

Tsopano ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa apa m'pamene ndinafera, apanso m'pamene ndinadzukira.

Mwana sanapite kusukulu masiku otsatirawo, kudikira mabala aume. M'mawa wina ndinali pakhonde, matsire atandikhala pamutu, ndikuganiza chimene ndingagulitse. Tiyamike anali pabwalo yekha ndi kamtengo, akujambula mizere ya phada pa dothi. Ndinkangoyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira nkhuku. Kenako diso langa lakale, diso la ntchito, linadzuka lokha. Mizere ija inali yowongoka. Ankakoka ndi dzanja lomwe lija la mphini, kuchokera apa mpaka apo, osagwedera ngakhale pang'ono. Ine pa unyamata wanga mzere wotero ndinkaufuna ndi chingwe.

Ndinati, "Akazi anga, tabwerani."

Anabwera, dzanja atalibisa kumbuyo.

"Tandijambulireni dzira pansipa."

Anajambula. Dzira losalala, loti nkhuku ikanalifungatira.

"Tsopano lembani o."

Anakhala pansi bwinobwino, anawongola msana, anatulutsa kalilime kaja. Anagwira kamtengo ngati pensulo. Ndiye anayamba kugwedeza dzanja. Ndinaona ndi maso angawa, akuligwedeza dala, mosamala, kuyambira pa mkono, ndipo o uja anatuluka wa manomano ngati chitini chotsegulidwa ndi mpeni.

Ndinafunsa, "Bwanji mukunjenjemera?"

"Ndikulemba, agogo."

"Dzira lija simunanjenjemere."

"Lija n'kujambula. Kulemba amatere." Anandiyang'ana ngati ndine mwana wosamva. "Si mmene mumachitira inu? Poyamba zinkandivuta. Ndinkayeserera kuseri kwa nyumba. Panopa ndikutha, eti?"

Anali akudikira kuti ndimuyamikire.

Abale anga, ndaikapo anthu ambiri m'manda. Ndinaona mnzanga mwala utamugwera pansi pa mgodi. Koma sindinamvepo chinthu cholemera ngati kamawu kameneko, eti. Mwana anali bwinobwino. Panalibe anamutengera pensulo. Anangochita zimene agogo ake anamuuza, osaphonya dontho, ndipo malipiro ake anali lezala. Sing'anga uja ananama zonse, koma chimodzi analasa. Anali wachikulire, wa pakhomo pomwepo.

Ndinagwira kadzanjako. Timabala tinali titayamba kuuma, tili ndandanda, mwadongosolo, kuposa madontho anga. Ndinati, "Zinawawa?"

Anati, "Amama anati ndikalira mankhwala sagwira. Koma ndinalira. N'chifukwa chake sindinachire?"

Ndinadzuka, ndinalowa njira. Njira ya kwathu imagawikana pa mtengo wa mango, kumanzere kwa mayi wa kachasu, kumanja kumsika. Miyendo inakhotera kumanzere yokha, ngati ng'ombe zodziwa khola. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu, thukuta lili kamukamu. Sindinamve mawu ochokera kumwamba, ndisakunamizeni. Sindinamve ngakhale kukhosomola kwa Nangozo, ngakhale ndinakutchera khutu. Ndinangoona kuti ndikapita kumanzere, Esinati abwereranso ku Bwanje, chifukwa sing'anga anamuuza kuti zikapanda kusintha akatemetsenso dzanja linalo.

Ndinakhotera kumanja. Ndinamupeza Esinati akuunjika tomato m'timilu. Ndinagwada pambali pake, anthu akuona, ndinamuuza zonse. Ndinatambasula dzanja langa kuti aone mmene likuchitira. Ndinkayembekeza kuti akuwa, mwina kundigenda ndi tomato. Iye anapitiriza kuunjika. Atamaliza mulu anati, motsitsa mawu:

"Ndinamugwira miyendo ndine, bambo. Ankaitana ine kuti ndimulanditse, ine ndi amene ndamupanikiza."

Kenako anati, "Dzukani, mukundithawitsira makasitomala."

Ndikanakonda akanandimenya.

Tsopano mmene ndinatulukiramo, poti ena mwabwera kudzamva zimenezo. Choyamba ndinachita mwauchitsiru, ndinangosiya ndekha mwadzidzidzi. Musayerekeze. Thupi lozolowera kachasu limalusa. Ndinayamba kuona abuluzi akutuluka m'khoma, ndinagwa n'kudziluma lilime. Che Jafali ndi amene anandinyamula pa galimoto yake ya katundu kupita nane kuchipatala. Kumeneko ananditsitsa pang'onopang'ono ndi mankhwala. Ngati mwafika poti m'mawa manja amavina, pitani kuchipatala mukanene zoona. Manyazi sanachizepo munthu.

Nditatuluka, ndinasintha njira. Pa mtengo wa mango paja sindidutsanso, ndimazungulira kumunda kwa mphwanga, ngakhale kuli zisoso. Nthawi ya m'mawa ija, imene khosi limaitana, ndimakakhala pakhonde la sitolo ya Che Jafali. Kumeneko mowa sufikako, ndipo bamboyo amandithira tiyi wa shuga wambiri n'kumandinyoza kuti Angoni tinabwera ndi zishango kuchokera kutali kudzagonja kwa botolo. Ine ndimamubwezera zanga. Pezani munthu wotero, woti azikusekani koma osakusiyani.

Ndinagwanso kamodzi, pa ukwati wa mwana wa mlongo wanga. Anandipatsa chipanda, anati Mngoni sakana pa ukwati. Ndinadzuka m'khola la mbuzi. Ndinapita ndekha kukamuuza Esinati asanamve kwa ena. Anangoti, "Ndamva kale." Koma madzulo ake anandiikira madzi osamba.

Ntchito yovuta inali kwa mwana. Pensulo ankaiopa tsopano, akaiona ankabisa dzanja. Ndinamuuza zoona monga mmene mwana angamvere, kuti dzanja la agogo likudwala chifukwa cha mowa, kulemba satero, ndipo iye sanadwalepo. Anandifunsa kuti nanga anamutemeranji. Ndinati chifukwa akuluakulu tonse tinapusa. Esinati anapita kukawafotokozera Madamu, ndipo iwo anamusuntha mwana kumuika kutsogolo.

Tinayambira pa dothi, ndi chala. Sindinkatchula mawu oti kulemba. Ndinkati jambula dzira, jambula dzira lotsamira ndodo, jambula mbedza, jambula mtondo wopanda chivundikiro. Atazolowera, ndinamuuza kuti dzira lotsamira ndodo lija ndi a. Anakwiya, anati ndamupusitsa. Kenako tinapita pa khala, kulemba pa simenti ya pakhonde la tchalitchi. Pensulo inabwera pomalizira, ndipo nthawi zina dzanja linkayambanso kugwedera lokha, poti analiphunzitsa bwino. Ndinkangoti, "Akazi anga, dzira." Ankaseka, n'kuwongola.

Dzanja langa silinabwerere mwakale. Linachepa manjenje, koma silinasiye. Ndiye madontho ndikanawaika bwanji? Ndinakumbukira nzeru ya mkulu wa ku Mozambiki uja. Umatenga katoni, Che Jafali ali nawo ambiri. Umajambula chilembo ndi rula, zozungulira umazunguliza kapu kapena chitsekerero cha botolo, dzanja lako silikhala ndi ufulu wosochera. Ukatero umaboola ndi msomali motsata mzere, katoni itagona pa thabwa. Kenako umamanga makala osinja m'kansanza, umaika katoni pa pepala kapena pa sileti, n'kumagunda ndi kansanzako. Ukachotsa, madontho ali ndandanda, oyera bwino. Katoni imodzi imatumikira mudzi wonse. Panopa masana pakhonde panga pamadzaza tiana ta anthu ogulitsa pa msewu, tina mamina ali mbwee, tikulondola madontho. Lamulo langa ndi limodzi: sindigwira dzanja la mwana. Akafuna womugwira, amamugwira Tiyamike.

Chaka chino, itayandikira nthawi yolambula kumanda, mphwanga anabwera kudzandiuza kuti mtanda wa Nangozo wadyedwa ndi chiswe, ndipo ana a masiku ano sakudziwanso kuti pamenepo pagona ndani. Anabwera ndi thabwa latsopano. Anangolitsamiritsa pakhoma.

Ndinabwereka bulashi ndi penti yoyera. Ndikanatha kuboola katoni, koma mtima unakana, ndinati mkazi wanga sindimulemba ndi makala a m'kansanza. Ndinakhala pakhonde, thabwa pa miyendo. Ndinaviika bulashi. Nsonga yake inkagwedera ngati mchira wa galu. Chilembo choyamba cha Elube mukuchidziwa, mizere yowongoka yokhayokha, palibe pobisala. Ndinakoka mzere woyamba, unapita uku ndi uku. Ndinaika bulashi pansi.

Tiyamike anali ataima pakhomo, yunifolomu asanavule. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi kachoko kamene anatola kusukulu.

"Mundiuze malembo ake, agogo."

Ndinamuuza limodzilimodzi. Anagwada, kalilime panja, anadonthetsa timadontho pa thabwa lonse, dzina la agogo ake aakazi amene sanawaonepo. Atamaliza anandipatsa bulashi, n'kuika dzanja lake pamwamba pa langa. Kadzanja kochepa, sikanakwane n'komwe kuphimba zala zanga. Mphini zija zinali pansi pa mphuno yanga penipeni, timizere takuda, ndipo sizidzachoka mpaka adzakalambe.

Ndinati, "Ndikaphonya dontho, akazi anga?"

Anati, "Muzingoyenda. Ndakugwirani."

Esinati anatipeza tili pa chilembo chomaliza. Anatula dengu, anaima kumbuyo kwathu. Anawerenga dzina la mayi ake motsitsa, kawiri. Kenako analowa m'nyumba, ndipo anakhalitsamo.

Mzere woyamba uja ndinafuna kuupala ndi mpeni. Mphwanga anati tipale, Esinati anati ayi, usiyeni.

Ndiye inu achimwene a masamba a gwafa, ndi ena nonse, sindikuuzani kuti ndine munthu wochira. Khosi limaitanabe, makamaka kukazizira. Koma tsiku lina mukadzaperekeza maliro kwathu, mudzayang'ane kumunsi, pafupi ndi mtengo wa msuku. Pali mtanda wa malembo oyera. Mzere woyamba ndi wokhota ngati njira ya woledzera. Umenewo ndinalemba ndekha. Kuyambira pamenepo mpaka kumapeto, ndinagwiridwa ndi dzanja limene ndinalitemetsa.